Injini Ikafa: Kukonza, Kusintha, ndi Funso Lakuti Galimoto N'chiyani

Injini ya galimoto yakale ikafa, mwini wake amakhala ndi njira zitatu. Angathe kuiphwasula n'kuikonza, angathe kuitsitsa n'kukwezamo ina, kapena angathe kuitaya mtima galimotoyo n'kuigulitsa kwa ophwasula ziphakasa. Kwa wongoonera patali, nkhaniyi ndi ya ndalama basi: kufunsa mitengo itatu n'kusankha wotsika. Koma masamuwo satha kutseka nkhani, chifukwa pansi pake pagona mafunso akale kwambiri kuposa galimoto. Chinthu chimakhalabe chomwecho mpaka pati ziwalo zake zikamasinthidwa? Ndalama zimene zidalowa kale zili ndi ulamuliro wanji pa chosankha cha lero? Nanga munthu ali ndi udindo wotani pa chuma chimene chili m'manja mwake, ndi pa anthu amene chumacho chimawanyamula?

Imfa ya injini ili ndi mitundu yake, ndipo makanika wodziwa ntchito saisokoneza. Yodziwika kwambiri ndi kunoka. Crankshaft imazungulira pa mabeyaring'i opyapyala, ndipo chimene chimaletsa chitsulo kukhulana ndi chinzake ndi oyilo wochepa kwambiri wopopedwa pakati pawo. Oyilo akatha, akada mopitirira, kapena pampu yake ikafooka, mabeyaring'i amadyeka ndipo pansi pa injini pamayamba kumveka kugogoda. Dalaivala akakakamira ulendo, con rod imatha kuthyoka n'kuboola block. Imfa ina imadzera m'kutentha: redieta ikadontha kapena fani ikaleka kuzungulira, cylinder head imapindika, gasiketi imapsa, madzi n'kulowerera mu oyilo. Palinso imfa ya ukalamba, yobwera pang'onopang'ono, pamene maring'i atha, utsi wabuluu ukutuluka kumbuyo, ndipo galimoto ikulephera mtunda umene kale inkakwera mosavuta.

Kukonza, kumene m'magalaja a ku Ndirande kapena ku Biwi amati kupanga ovaholo, ndi kuphwasula injini yonse. Crankshaft imapita kumakina kukapalidwa pang'ono, kawirikawiri mamilimita 0.25 kapena 0.50, n'kuikidwa mabeyaring'i onenepa molingana ndi popalidwapo. Mabowo a mapisitoni amatha kukuzidwa, head n'kusalazidwa. Injini zambiri zakale zokhala ndi block yachitsulo cholemera zidapangidwa mololera zimenezi kangapo. Zambiri zatsopano zili ndi block ya aluminiyamu yokhala ndi makoma opyapyala m'kati, osapereka mpata wokwanira wopalira. Wopanga wake adasankhiratu mbali pa mkangano wa kukonza kapena kusintha galimotoyo isanachoke kufakitale.

Kusintha, m'Malawi, sikutanthauza kugula injini yatsopano. Kumatanthauza kugula injini yogwirapo kale ntchito, makamaka yochokera ku Japan, kumene kumachokeranso galimoto zambiri zoyenda m'misewu ya dziko lino. Kumeneko galimoto yatsopano imayesedwa ndi boma ikatha zaka 3, kenaka zaka 2 zilizonse, ndipo msonkho wa galimoto ya petulo umakwera ikapitirira zaka 13. Anthu ambiri amaona kuti n'kwapafupi kuisiya galimoto ikadali yamphamvu. Zina zimatumizidwa kunja zathunthu, zina zimadulidwa pakati, mbali yakutsogolo n'kugulitsidwa ndi injini ndi giyabokosi yake monga half-cut.

Apa pakuonekera chinthu chachilendo chimene mawu akuti "kukonza" ndi "kusintha" amabisa. Injini yopangidwa ovaholo imatuluka ndi mapisitoni, maring'i, mabeyaring'i, magasiketi, mwinanso mavalavu ndi pampu ya oyilo zatsopano. Chotsala cha kale ndi block yokhala ndi nambala, ndi zitsulo zingapo zopalidwa. Injini ya half-cut, yomwe mwini galimoto amaitcha yatsopano, ndi yakale kuyambira pamwamba mpaka pansi, monga momwe idamangidwira kufakitale zaka zambiri zapitazo. Yokonzedwa ija ndiyo ili ndi zatsopano zambiri. Choncho kukonza nakonso n'kusintha, kungoti kumachitika chiwalo ndi chiwalo.

Agiriki adalizindikira vutoli kalekale. Plutarch, amene adalemba cha m'ma 100 Khristu atabadwa, adasimba kuti anthu a ku Athens adasunga ngalawa ya nkhafi 30 imene ngwazi yawo Theseus adabwerera nayo kuchokera ku Crete. Thabwa likawola ankalichotsa n'kukhomapo lina, mpaka m'masiku a Demetrius wa ku Phalerum, amene adalamulira mzindawo kuyambira 317 mpaka 307 Khristu asanabadwe. Afilosofi adagawikana: ena ankati ngalawa ndi yomweyo, ena ankati ndi ina. Mu 1655 Thomas Hobbes wa ku England adaliwonjezera vutoli. Tiyerekeze, adatero, kuti munthu wina ankatola matabwa onse otayidwawo, kenaka n'kuwalumikizanso monga adalili. Tsopano pali ngalawa ziwiri, ndipo iliyonse ili ndi chifukwa chodzitchulira ya Theseus. Zimene Hobbes adangoziganizira m'mutu zimachitika ndithu pamsika wa masipeya: injini yotsitsidwa m'galimoto ina imagulidwa, kukonzedwa, n'kukwezedwa m'thupi lina, kenaka zitseko ndi mipando n'kutsatira.

Ku India yankho lidali lina. M'buku la Chibuda lotchedwa Milindapanha, lolembedwa zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, mfumu Milinda ikukambirana ndi mmonke Nagasena. Mfumuyo yabwera pa galeta, ndipo Nagasena akuifunsa ngati galetalo ndi mtanda wake, kapena mawilo, kapena goli, kapena zingwe zowongolera. Mfumu ikukana chilichonse, ndipo pomaliza ikuvomera kuti "galeta" ndi dzina chabe limene anthu amapereka ziwalozo zikakhala pamodzi mwa dongosolo lake. Cholinga cha Nagasena chidali kuphunzitsa kuti ngakhale mwa munthu mulibe kanthu kena kosasintha kobisala kuseri kwa thupi ndi maganizo. Munthu sayenera kuvomereza chiphunzitso chimenecho pa za anthu kuti aone kuti pa za galimoto n'choona ndithu. Palibe chiwalo chimodzi chimene ugalimoto wa galimoto umakhalamo. Funso lakuti "kodi ndi yomweyo?" limayankhidwa ndi funso lina: yomweyo pa nkhani iti?

Boma lili ndi yankho lake, losazungulira. Galimoto imadziwika ndi nambala ya chasisi. Mu blue book, chikalata cha umwini wa galimoto, mumalembedwanso nambala ya injini, ndipo wosintha injini ayenera kukadziwitsa a Road Traffic kuti zolembedwa zigwirizane ndi zomwe zili pansi pa boneti, koma nambala ya galimoto ndi umwini wake sizisintha. Kwa lamulo, injini ndi mlendo wokhala m'nyumba ya chasisi. Yankholi si lakuya, ndipo silidafune kukhala lakuya. Lidapangidwa kuti msonkho utoleredwe ndi kuti katundu wakuba agwidwe.

Yankho lothandiza kwambiri mwini galimoto ndi la Aristotle. Iye adaphunzitsa kuti chinthu chimafotokozedwa ndi zinayi: chopangira chake, kapangidwe kake, amene adachipanga, ndi ntchito imene chidapangidwira. Pa zipangizo, ntchito ndiyo imalemera kuposa zinazo. Adati nkhwangwa yosadula, ngakhalenso diso losaona, zangotsala ndi dzina lokha. Potsata ganizoli, galimoto imene yakhala pa miyala kuseri kwa nyumba zaka zisanu, chitsulo chilichonse chili cha kufakitale, yatalikirana kwambiri ndi chimene idali kuposa inzake yosinthidwa injini kawiri koma ikunyamulabe chimanga kuchokera kumunda. Amene amakana injini ina pofuna kusunga galimoto "yeniyeni" kawirikawiri amasunga zitsulo, galimoto n'kuitaya.

Ganizoli si lachilendo kwa Achewa ndi anansi awo. Mfumu ikamwalira, wolowa ufumu amatenga dzina la amene wapitayo, ndipo Gawa Undi kapena Gomani amakhalapobe ngakhale anthu ovala dzinalo asinthana kangapo. Chimene chimapitirira ndi mpando, udindo, ndi kuvomereza kwa anthu. Koma m'mwambo umenewu muli mfundo ina yofunika kuigwira: kulowa ufumu sikuchitika usiku mobisa. Kumachitika poyera, pali mboni, aliyense akudziwa kuti dzina ndi lomwelo koma munthu ndi wina.

Anthu ambiri amati injini ndiye mtima wa galimoto, ndipo amaona ngati kuisintha n'kuichotsa moyo wake. Fanizolo likalondoledwa mpaka kumapeto limagamula mosiyana ndi zomwe olinena amafuna. Pa 3 December 1967, pachipatala cha Groote Schuur ku Cape Town, dokotala Christiaan Barnard adaika mtima wa munthu wina mwa Louis Washkansky, amene adakhala ndi moyo masiku 18. Kuyambira pamenepo anthu ochuluka alandira mitima ya ena, ndipo palibe amene adadzuka ali munthu wina. Mneneri Ezekieli, m'mutu 36, adalonjeza Aisraeli mtima watsopano m'malo mwa mtima wamwala, ndipo lonjezolo likanakhala lopanda pake olandira mtimawo akanaleka kukhala anthu omwewo. M'chiphunzitso chimenechi, kusintha chapakatikati penipeni ndiyo njira yopulumutsira chonsecho.

Funso lakuti ndi yomweyo kapena ayi likachoka panjira, limatsala la ndalama zakale, lomwe limasokoneza anthu ambiri kuposa loyambalo. Munthu amati: chaka chatha ndidagula matayala anayi, ndidakonzetsa giyabokosi, ndidapentetsa thupi lonse, ndiye ndingaitaye bwanji lero? Akatswiri a zachuma amati kuganiza kotere n'kulakwa, ndipo chitsanzo chimene amakonda kupereka ndi ndege ya Concorde. Maboma a Britain ndi France adapitiriza kuthiramo ndalama ngakhale zidali zitaoneka kuti sizidzabwerera, mwa zina chifukwa chakuti zambiri zidali zitalowa kale. Ndegeyo idanyamula anthu kuyambira 1976 mpaka 2003. Makolo adanena zomwezo mwachidule: madzi akatayika sawoleka. Ndalama za chaka chatha zapita, kaya injini ikonzedwe kaya isakonzedwe. Chofunika kufunsa ndi chakuti ndalama za lero zigula makilomita angati a mawa.

Komabe mfundoyi imagwiritsidwa ntchito mopyola malire. Matayala anayi aja, ngati akadali abwino, si madzi otayika. Ali pagalimoto pompo, ndipo ndi gawo la zimene injini yamoyo idzayendetse. Kulipira kwake ndiko kwapita, phindu lake likadalipo. Palinso chuma china chosaoneka: mwini galimoto amaidziwa. Amadziwa pamene idagundapo, pamene pali dzimbiri, chimene chidasinthidwa ndi chimene sichidakhudzidwepo. Mu 1970 George Akerlof, amene pambuyo pake adalandira mphotho ya Nobel mu 2001, adafotokoza mmene msika wa galimoto zakale umawonongekera chifukwa wogulitsa amadziwa zimene wogula sangathe kuziona. Wogula galimoto ina yakale, kapena injini ya half-cut, amasiya mavuto odziwika n'kutenga osadziwika. Injini yotsukidwa bwino ndi palafini imanyezimira pashelefu, koma chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. N'chifukwa chake wogula wanzeru amapempha kuiyesa kompuresheni, kutsegula kavala yapamwamba kuti aone ngati muli phala la oyilo wakale, ndi kumvana za masiku oibweza ikapezeka ndi vuto.

Pali lamulo lina lofala lakuti munthu asawononge pa galimoto ndalama zoposa mtengo wake wa pamsika. Lamuloli limayerekeza zinthu zosayenera kuyerekezedwa. Mwini galimoto sakugula malonda oti agulitse mawa, akufuna choyendera. Choyenera kuikidwa pambali pa mtengo wa injini ndi mtengo wopezera galimoto ina yodalirika mofanana, kuphatikizapo ulendo wake kuchokera kudoko la Dar es Salaam ndi msonkho wa MRA. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa chilichonse chochokera kunja udakwera, pamene mtengo wa manja a makanika sudakwere mofanana. Chimene ku Tokyo kapena ku London chingakhale kuwononga ndalama, ku Mzuzu chingakhale nzeru. Malangizo ambiri ofala pa nkhaniyi adabadwira m'maiko mmene ntchito yamanja ndi yodula koma zitsulo n'zotchipa, pamene kuno zinthu zili chotembenuza.

Nanga chikondi? Galimoto ina idasiyidwa ndi bambo amene adamwalira, ina ndiyo idaphunzitsa ana onse a pabanja. Kuikonza pa chifukwa chimenechi sikufanana ndi kulira ndalama zotayika, popeza chikumbutso ndi phindu limene munthu akulandira lero, osati ngongole ya dzulo. Cholakwa chimabwera pamene chikondi chavala malaya a masamu, munthu n'kumadziuza kuti akupulumutsa ndalama pamene akugula chikumbutso. Chikumbutso chingagulidwe, koma wogulayo adziwe chimene akugula, adziwenso kuti ndalamayo ikuchoka pa chiyani, kaya ndi pa zosangalatsa kaya ndi pa fizi ya mwana.

Malemba sapereka chigamulo chimodzi pa nkhaniyi, ndipo zikuoneka kuti n'dala. Mu Mateyu 9, Marko 2 ndi Luka 5, Yesu akuchenjeza za chigamba cha nsalu yatsopano pa chovala chakale ndi za vinyo watsopano m'matumba achikopa akale: chatsopano chimang'amba chakale, zonse ziwiri n'kuwonongeka. Ankanena za uthenga wake ndi miyambo ya nthawi imeneyo, koma nzeru ya fanizolo imagwiranso m'galaja. Injini yamphamvu m'galimoto ya chasisi yodyeka ndi dzimbiri, mabuleki ofooka ndi giyabokosi yolira imangofulumizitsa kutha kwa zinazo. Koma mu Luka 13, wolima munda akupempherera mkuyu wosabala kuti usadulidwe, aukumbire ndi kuuthira manyowa chaka chimodzi chokha, ukapanda kubala ndiye udulidwe. Pamenepo pali chifundo, koma chifundo chokhala ndi malire a nthawi. Mlaliki, m'mutu 3, akuika kusunga ndi kutaya, kung'amba ndi kusoka, chilichonse pa nthawi yake, osanena kuti china n'choposa chinzake. Ntchito yozindikira nthawiyo yasiyidwa m'manja mwa munthu.

Chimene zipembedzo zimagwirizana n'chakuti chuma ndi chosungitsidwa, ndipo wosunga adzafunsidwa. Korani imadzudzula kuwononga zinthu mosasamala. Papa Francis, m'kalata yake ya Laudato si' ya 2015, adadzudzula chikhalidwe chotaya zinthu msanga. Kupanga galimoto kumadya chitsulo, magetsi ndi madzi ochuluka, kotero kuitalikitsa moyo kuli ndi ubwino wake. Koma kusamala chuma sikutanthauza kukonza nthawi zonse. Injini yokalamba yofuka utsi imadya mafuta ambiri ndi kudwalitsa oyenda m'mbali mwa msewu, ndipo ovaholo yachinyengo, ya masipeya abodza, imene idzafe pakatha miyezi itatu, nayonso n'kuwononga.

Pa minibasi nkhaniyi imalemera koposa. Mwini Hiace yoyenda pakati pa Blantyre ndi Lilongwe kudzera ku Zalewa sasankhira yekha. Amasankhira anthu amene sadzafunsidwa. Ngati ndalama ikukwanira chimodzi chokha, injini kapena mabuleki ndi matayala, chikumbumtima chilibe chokayikira. Injini yofooka imachedwetsa ulendo, mabuleki ofooka amapha. Ngozi yaikulu ili pamene injini yatsopano yabwezera liwiro galimoto imene idataya kale mphamvu yoima. COF, chikalata chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ikhoza kukhalapo pagalasi, koma chikalatacho chimanena za tsiku limene galimoto idayesedwa, osati za lero.

Mbali imene imaiwalika kawirikawiri ndi yofunsa chifukwa chimene injini idafera. Injini zochepa zimafa zokha. Zambiri zimaphedwa ndi redieta yotsekeka, oyilo wosasinthidwa kapena wachinyengo, katundu wopyola muyezo, kapena dalaivala amene adaona nyali yofiira itayaka n'kunena kuti tikafike kaye. Injini ina ikaikidwa m'galimoto momwemo, redieta ili yomweyo ndi chizolowezi chili chomwecho, imfa yake idzakhalanso yomweyo. Apa funso la chitsulo lasanduka funso la khalidwe, lija alaliki amalitcha kulapa: kusiyanitsa kumva chisoni ndi zotsatira ndi kuleka chimene chidazibweretsa. Kusintha kumakopa chifukwa kumalola munthu kuyambanso osafufuza. Kuphwasula kuli ndi ubwino wakuti zitsulo zimaulula: beyaring'i yopserera imanena za oyilo, head yopindika imanena za madzi. Ngakhale amene wasankha kusintha amapindula akauza makanika kuti atsegule injini yakufayo asanaitaye.

Chotsala ndi tsiku logulitsa. Mita ya makilomita ili padashibodi imawerenga ulendo wa thupi la galimoto, osati wa injini. Injini ikasinthidwa, nambala imeneyo imaleka kunena zonse, ndipo ikhoza kunamiza mbali zonse ziwiri: injini ingakhale yocheperapo msinkhu kuposa mita, kapena yokalamba kuposa. Afilosofi angapitirize kukangana ngati galimotoyo ndi yomweyo, koma wogula ali ndi ufulu wodziwa chimene chidachitika, popeza mtengo umene akulipira watsamira pa mbiri imene akuganiza kuti ndi yoona. Buku la Miyambo limadzudzula sikelo yonyenga, ndipo kubisa ovaholo yosalongosoka kapena injini yosadziwika kumene idachokera kuli m'gulu lomwelo. Wogulitsa woona mtima amatchula kuti injini idasinthidwa kapena kukonzedwa liti, mita ili pati, amaonetsa malisiti a masipeya ndi a kumakina, ndipo amaonetsetsa kuti nambala ya pa block ikufanana ndi ya mu blue book asanalandire ndalama.